Masekondi Makumi Asanu ndi Anayi

Mkazi wanga amawerenga mafunde a m'mitu mwa anthu.
Ine ndimayendetsa basi yosanja,
kuchoka ku Hillsborough mpaka ku Woodhouse,
kubwerera, kubwereranso,
mvula ya mu Sheffield ikunyambita galasi.

Usiku ana akagona
Nangondo amatsegula kompyuta pathebulo la kukhitchini.
Mizere imayenda mwaulemu ngati anthu opita kumaliro,
kenaka mwadzidzidzi n'kudzambatuka, kusongoka, kupondana.
Amati, "Taonani apa. Chimphepo chisanafike
udzu umayamba wanjenjemera."
Ine ndimangoona mopalasa nkhuku.
Ndimati eya, n'kumuthirira tiyi.

Zaka khumi ndi ziwiri akumata timawaya
m'mitu ya makanda ndi ya nkhalamba,
kuyeza ndi tepi kuchoka pamphuno kufika kunkhongo,
kudikira khunyu ngati mlonda wa nguluwe m'munda wa chinangwa.
Akuti makina amene anawaphunzitsa kutchera khutu
tsopano amamva ubongo ukunong'ona munthu asanagwe.
Akuti dzina lake latchulidwa kokwana zikwi zitatu
m'mapepala a anthu osamudziwa nkhope:
Kambalame ndi anzake, Kambalame ndi anzake,
ku Osaka, ku Lagos, ku Lima.
Tsiku limene nambala inakwana anangomwetulira
n'kundituma mkaka.

Dzina limene silituluka m'mapepalawo ndi la Yotamu,
mlongo wake,
amene anagwa chafufumimba m'ngalande ya kudimba,
madzi ake olekeza m'akakolo.
Anthu anayi anaima poteropo, makasu m'manja,
kuopa thovu.
Anandiuza kamodzi kokha, tisanakwatirane.

Lachinayi lapitali, tili pa Attercliffe,
kumbuyo kunamveka khu!
Mnyamata wa yunifolomu ali pansi,
nsapato zikumenya chitsulo cha mpando.
Ndinaimika basi pomwepo.
Mayi wina anali atasolola kale supuni m'chikwama.
Kani nakonso kuno supuni yomweyo?
Ndinati ayi mayi, m'kamwa musaikemo kanthu.
Ndinapinda juzi yanga n'kumutsamiritsa,
ndinamasula tayi,
ndinauza bambo wamphamvu uja kuti asamupanikize,
maso anga ali pa wotchi
monga Nangondo wakhala akundilangiza zaka zonsezi
ine ndikuyesa kuti sindikumvetsera.

Khumi.
Makumi atatu.
Wina akuimba foni, mawu akunjenjemera.
Makumi asanu ndi limodzi.
Basi yonse zii, kupatula injini.
Pa makumi asanu ndi anayi thupi linaleka kulimbana.
Ndinamugoneka cham'mbali.
Thovu linandiyenderera padzanja, lofunda,
malovu wamba a mwana wa munthu.

Atatsegula maso anafunsa ngati tapitirira siteji yake.
Kenaka anaona buluku lake lonyowa.
Mayi wa supuni uja anavula chikhoti
n'kumufunditsa osanena kanthu.

Ndinafika kunyumba mochedwa,
nditadzaza mafomu atatu ku ofesi ya mabasi.
Nangondo anali pathebulo pomwe paja,
akuyankha wounika wina amene sanakhutire
ndi chithunzi chachinayi cha kafukufuku wake.
Ndinamufotokozera ndili chiimire, nsapato osavula.
Sanafunse dzina la mwanayo.
Anati, "Masekondi angati?"
Ndinamuuza.
"Anadzuka?"
Anadzuka.
Anakhala chete kanthawi, ketulo ikuzizira.
"Munamugwira?"

Ndinamugwira.

Anatseka kompyuta chiganizo chili pakati.
Anatenga dzanja langa lamanja,
lonunkha dizilo ndi sopo wa kuntchito,
analitembenuza pansi pa getsi
n'kuyamba kutsata mizere ya m'chikhatho ndi chala,
pang'onopang'ono, kuchoka kumanzere,
monga amachitira ndi ija ya usiku
akafuna kutsimikiza kuti waona bwino.